Ndevu Zometedwa Kawiri

Inu, tasunthirani kuno, basi ya ku Vadapalani sibwera msanga ndipo tiyi wanuyo akadali wotentha. Mukuchiona chithunzi chakale chija pakhoma la shopu, cha mkulu wotukula ambulera? Nkhani yanga si ya mkuluyo ayi, ndi ya kamunthu kali kunsi kwa phazi lakeko. Dzina lake ndi Vellaichami, ndipo ndinkamudziwa bwino chifukwa masiku amenewo ndinkanyamula nyali m'masitudiyo a mafilimu a kuno ku Kodambakkam, mumzinda wa Madras.

Vellaichami anali ndi ndevu zapamlomo. Ndikati ndevu musaganize timaudzu timene anyamata a masiku ano amasunga kunsi kwa mphuno ngati aiwala kupukuta. Zake zinali zakuda bii, zopotokera m'mwamba ngati nyanga za ng'ombe ya pangolo, moti polowa pakhomo lopapatiza ankayamba wapendeketsa mutu. M'mawa uliwonse ankazidzoza mafuta a kokonati asanatsuke n'komwe m'kamwa. Ndevu zimenezi n'zomwe zinamuchotsa kumudzi kwawo kufupi ndi Madurai, ndipo n'zomwe zinkamudyetsa kuno ku Madras. Koma zinkamudyetsanso zibakera. M'filimu iliyonse iye anali kapitawo wa zigawenga: kulowa, kupota ndevu, kuseka "hahaha", kenako ngwazi ya filimuyo n'kumuponya pamulu wa miphika. Anaswa miphika yambiri munthu ameneyu moti owumba mbiya ankamupatsa moni waulemu akakumana naye pamsewu.

Mumtima mwake ankalakalaka chinthu chimodzi chokha: kuti tsiku lina naye akhale ngwazi, amenyeko munthu, aimbe nyimbo akuzungulira mtengo, ndipo bambo ake a Mayandi adzamuone pa kanema ali chiimire mpaka filimu kutha. Chifukwa nkhalambayo ikabwera kudzacheza inkangofunsa kuti, "Kodi mwezi uno wakumenya ndani?"

Ndiye panali a Sadaiyappan, mwini kampani ina ya mafilimu, munthu wouma manja woti nthochi ankadya ndi makoko omwe. Iwowa anagula chilolezo chojambulanso m'Chitamilu, chinenero chathu, filimu ina ya Chihindi imene inali itapengetsa anthu ku Bombay. Chikhulupiriro chawo chinali chakuti mwayi wa filimu uli ngati mbalame yatera panthambi, ukangogwedeza kanthu kamodzi yathawa. Choncho chilichonse chinayenera kufanana ndi cha ku Bombay. Ngati ngwazi ya kumeneko inavala juzi yaubweya, wathunso avale juzi, ngakhale kuno dzuwa lake ndi losungunula phula pamsewu. Pena pake m'filimu ya Chihindiyo ntchentche inatera pamphuno ya mtsikana, ndipo a Sadaiyappan anatuma anthu akuluakulu, a ana awo, kukasaka ntchentche yomvera.

Vuto linali limodzi. Ngwazi ya ku Bombay inali ndi mlomo wosalala ngati dzira, ndipo akatswiri onse otchuka a kuno anakana kumeta. Wina mpaka anawathamangitsa ndi galu. Apa m'pamene anaitanitsa Vellaichami.

"Khala pampando," anatero.

Vellaichami anayang'ana kumbuyo kuti aone amene akuuzidwa. Zaka zonsezo palibe anamuuzapo kuti akhale pampando mu ofesi.

"Ukufuna kukhala ngwazi?"

"Bwana, musandiseke, ndine munthu wa banja."

"Ndani akuseka? Taona chithunzi ichi. Pamlomo pa munthuyu ukuonapo chiyani?"

"Palibe, bwana."

"Eya! Palibeyo ndi amene ndikufuna kwa iwe."

Vellaichami anagwira ndevu zake mbali zonse ngati mwana amene akufuna kumulanda chidole. "Koma bwana, bambo anga ali moyo."

"Ndiye zikukhudzana bwanji?"

"Inunso mukudziwa za kwathu. Mwana wamwamuna ameta ndevu pamaliro a bambo ake basi. Ukameta iwo ali moyo, ndiye kuti wawaika m'manda akuyenda."

"Nanga a ku Bombay onsewa akumeta bwanji?"

"Ine ndimayesa ndi ana amasiye, bwana. Ndimawamvera chisoni."

"Mvera chisoni msana wako," anatero a Sadaiyappan. "Ukakana, bwerera kumiphika mpaka ukalambe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Sankha lero."

Munthu akafuna chinthu, nzeru zoipa sizisowa. Kasi, yemwe ankapaka anthu zodzoladzola pasitudiyopo, anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti, "Achimwene, musadandaule. Ndikumetani bwinobwino, ndevuzo sinditaya, ndizisokerera pa kansalu. Mukamajambulidwa muzikhala dzira, mukamapita kunyumba ndizikumatani ndi guluu. Bambo anu ali kutali, adziwa bwanji?"

Inu, tamverani! Munthu kumeta ndevu zake zenizeni kuti azivala ndevu zabodza zopangidwa ndi ndevu zake zenizeni! Koma Vellaichami anaona kuti ndi nzeru zakuya. A Sadaiyappan anaswa kokonati patsogolo pa kamera monga mwa mwambo, Kasi ananola lumo, ndipo ndevu zinagwera m'mbale. Atadziona pagalasi, Vellaichami anadzipatsa moni. Mphepo imene inamuwomba pamlomo inamuchititsa manyazi ngati wavula pamsika, ndipo kunena zoona misozi inalengeza. Anadzitonthoza kuti walira mvula walira matope.

Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma sanadziwe za guluu wa a Sadaiyappan. Guluu ameneyo ankamuthira madzi kuti achuluke. M'mawa ankagwira ndithu, koma thukuta likangoyamba, ndevu zinkayamba ulendo. Tsiku loyamba m'basi, nyanga yakumanzere inagwera pansi, yakumanja ili chiimire, ndipo mayi wina anamupatsa mpando poganiza kuti wafa ziwalo mbali imodzi. Kunyumba anayamba kudya atagwira mlomo ndi dzanja limodzi, n'kumanamizira dzino. Mkazi wake Kanagam anamuwiritsira mankhwala a dzino owawa ngati ndulu, iye n'kumamwa.

Lamlungu masana zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Kanagam anayala tsamba la nthochi, anaika mpunga, n'kuthira msuzi wa sambar wochoka pamoto. Vellaichami anawerama kuti anunkhize. Nthunzi inakwera. Ndevu zinatsika pang'onopang'ono, mwaulemu wake, n'kukagona pamwamba pa mpunga.

Kanagam anayang'ana mpunga, anayang'ana mlomo, anayang'ananso mpunga. Kenako anaponya chipande n'kuyamba kudziguguda pachifuwa.

"Mayo ine! Apongozi anga! Apongozi anga atisiya!"

"Iwe, tatseka pakamwa, sanafe!"

"Munandibisiranji inu? Mwakawaika nokha osandiuza? Munthu amene ankanditcha mwana wake!"

"Ndati sanafe! Ndi za filimu izi!"

Koma mukudziwa nyumba zathu zogundanazi, ukayetsemula woyankha amakhala wa nyumba yachitatu. Anthu anakhamukira pakhomo, amayi atamasula kale tsitsi monga timachitira pamaliro. Vellaichami anatola ndevu pampunga, anazimata mofulumira, n'kutuluka kuti akafotokoze. Tsoka lake anazimata chozondoka, nyanga zikuloza pansi, msuzi ukudontha.

"Anthuni, bambo anga ali moyo!"

"Aaa, taonani chisoni," anatero mayi wina. "Wasokonezeka mutu, sakuvomereza. Mpaka akubwezera ndevu."

"Lirani achimwene, musasunge mumtima," anatero wina akumusisita pamsana.

Pofika madzulo Kanagam anali atamvetsa nkhani yonse, atamutukwana mokwanira, ndipo oyandikana nawo anabalalika mokhumudwa chifukwa ena anali atapempha kale tchuthi kuntchito. Vellaichami anapuma, kuganiza kuti zatha. Chimene sanadziwe n'chakuti pagulu lija panali kondakitala wa basi ya ku Madurai, amene anachoka kulira kuli pakati kuti asachedwe kuntchito. Ndipo kondakitala sanyamula anthu okha.

M'mawa mwake kumudzi, a Mayandi anali pakhonde akutafuna masamba ofiiritsa m'kamwa amene nkhalamba za kwathu zimakonda, akupota ndevu zawo zoyera zimene zinali zazikulu kuposa za mwana wawo. Anangomva ng'oma za maliro zikubwera, anyamata akuvina patsogolo, akuluakulu atanyamula nkhata za maluwa.

"Kodi wamwalira ndani?" anafunsa.

Theka la anthuwo linathawira m'munda wa mzimbe. Amene analimba mtima anayankha kuti, "Inuyo, akulu."

"Ine? Wakuuzani ndani?"

"Mwana wanu wameta ndevu ku Madras."

"Nanga simukundiona ndili pano?"

"Tikukuonani ndithu, koma mwana wanu anganame pa nkhani yotere? Mwina simunamve bwino uthenga."

A Mayandi anaimirira. Analowa m'nyumba, anamanga nsalu yawo yoyera m'chiuno, anatenga ambulera yawo yakuda ya chigwiriro chachitsulo, n'kulunjika kusiteshoni ya sitima. Oimba ng'oma anawaperekeza mpaka kumeneko, poti anali atayamba kale ndipo ng'oma ya maliro siimira panjira.

Tsopano tibwerere kusitudiyo, mumve mmene kunyada kumaphera munthu. M'filimu ya Chihindi ija munali chigawo chimene ngwazi imalira patsogolo pa chithunzi cha malemu bambo ake, chithunzicho chitavekedwa nkhata ya maluwa, lubani akufuka. A Sadaiyappan sanafune kuitana wojambula zithunzi, ndiye masiku angapo m'mbuyomo anafunsa kuti, "Ndani ali ndi chithunzi cha nkhalamba yooneka mwaulemu kunyumba kwake?" Vellaichami, pofuna kuti bambo ake nawonso aonekeko pa kanema, anakatsitsa chithunzi chawo pakhoma n'kubwera nacho yekha. Kumeta sikunamukwanire, anafunanso kuwaveka maluwa a akufa.

Tsiku lojambula chigawocho kunatentha ngati m'ng'anjo. Nyali zanga zonse zinali zoyaka, ndipo Vellaichami anali m'juzi yaubweya, thukuta likuyenda mpaka m'nsapato. Khoma la nyumba ya m'filimuyo linali la nsalu yopaka utoto, chithunzi cha a Mayandi chili pakati, utsi wa lubani uli tolotolo. A Sadaiyappan anachenjeza wa kamera kuti, "Tepi ndi yodula. Ukayamba usaime mpaka ine ndinene, ngakhale denga ligwe."

Vellaichami anagwada. Iyi inali nthawi imene anaidikira moyo wake wonse, ndipo ndikuuzeni, analira bwino mnyamata ameneyo. Ifeyo ogwira nyali tinayamba kufwenthera.

"Bambo, munandisiyiranji ndekha? Mukanakhala moyo bwenzi ndikuzunzika chonchi? Bambo, ndiyankheni! Tulukani m'chithunzimo mundiyankhe!"

A Mayandi anali atafika kunyumba kwa mwana wawo, Kanagam n'kuwalozera njira ya kusitudiyo, ndipo mlonda wa pageti atawaona ndevu anangoti ndi kapitawo watsopano wa zigawenga, n'kuwalowetsa khomo lakumbuyo. Choncho anali kuseri kwa khoma lansalu lija, akufunafuna polowera, pamene anamva mawu a mwana wawo. Sanafunenso chitseko. Tinangomva kwee! Nsonga ya ambulera inatulukira pambali penipeni pa chithunzi, nsalu inang'ambika, ndipo m'kati mwa utsi munatuluka nkhope yomweyo ya pachithunzi, ndevu zoyera zili njo.

"Ndatuluka," anatero.

Abale anga, sindinaonepo situdiyo ikukhuthuka msanga chonchija. Mtsikana amene ankasewera ngati wokondedwa wa ngwazi analumpha zenera. Kasi analowa m'bokosi la zovala n'kudzitsekera. A Sadaiyappan anakomoka pampando pakamwa pali yasa, ndipo poti sananene kuti aime, wa kamera anapitiriza kujambula atatsinzina, akutchula milungu yonse ya kwawo.

"Bambo!" anatero Vellaichami.

"Usanditchule bambo, ndine malemu!" Phwa! Ambulera pamsana. "Ndafa liti?" Phwa! "Ndafa ndi chiyani? Tandiuza, nanenso ndidziwe!"

"Bambo, ndi filimu chabe!"

"Filimu? Ng'oma zafika pakhomo panga ndi filimu? Mlamu wako wayamba kale kuyeza munda wanga ndi mapazi, ndi filimu? Ndipo maluwa ake ofotawa? Ngakhale pondiika m'manda ukuumira?"

Vellaichami anathawa mozungulira mtengo wa pepala umene unakonzedwera nyimbo yachikondi, nkhalamba ili pambuyo. Anazungulira mtengo ndithu monga ankafunira, kungoti nyimbo yake inali "mayo, mayo". Pamapeto anapunthwa pa chingwe cha nyali yanga n'kukagwera pakona. Mukudziwa chimene chinali pakonapo? Miphika.

A Mayandi anaima akupuma mwawefuwefu, anayang'ana mlomo wosalalawo, ndipo mawu awo anatsika. "Ndinkakunyamula paphewa kupita nawe ku kanema wa m'tenti, iwe uli kamwana. Ndinkati udzandilira tsiku langa likadzafika. Tsopano wandilira kale, udzandichitira chiyani ndikadzafadi?"

Zikwapu zonse zija Vellaichami anazipirira, poti msana wake unazolowera. Koma mawu amenewa anamulasa, ndipo analira kulira kwenikweni ali m'zigoba za miphika. Kamera inali ikujambulabe.

A Sadaiyappan atatsitsimuka, tinawaonetsa zimene zinajambulidwa. Anagwira mutu. "Izi mu ya Chihindi mulibe! Mbalame yanga yathawa!"

"Ndiye titaye, bwana?" anafunsa wa kamera.

"Kutaya? Tepi yonseyi?"

Apa chikhulupiriro ndi umbombo zinagwirana pakhosi mumtima mwa munthu mmodzi, ndipo mukudziwa kale chimene chinapambana. Chigawocho chinalowa m'filimu monga chinalili.

Filimu itatuluka, Madras inapenga. Anthu ankalowa kudzangoona nkhalamba ikutuluka m'chithunzi. Ikati "Ndatuluka", holo yonse inkaimirira, malikhweru, mapepala m'mwamba, abambo okalamba akuloza ana awo ndi ndodo. M'malo ena ankakakamiza woonetsa kanema kubwereza chigawocho, apo ayi awotcha mipando. Patsogolo pa holo anaimika chithunzi chamatabwa cha a Mayandi chachitali kuposa mtengo wa kokonati, anyamata n'kumakwera kukachithira mkaka kumutu ngati fano la m'kachisi. Vellaichami anapita kukadziona. Anadzipeza kunsi kwa phazi, kakang'ono ngati chule. Ndipo wojambula zikwangwaniyo, poti anazolowera nkhope yake kwa zaka zambiri akumujambula akumenyedwa, anamujambula ndi ndevu.

"Bwana," anatero Vellaichami kwa a Sadaiyappan, "filimu yatha, ndiyambe kusunga ndevu?"

"Wapenga? Mbalame yatera! Usagwedeze kanthu! Mlomo womwewo, juzi yomweyo, ambulera yomweyo!"

Ndiye zinatero. Mafilimu anatsatizana, ndipo m'iliyonse, kaya ndi ya mafumu akale kaya ya apolisi, pankafika poti mwana wometa agwade patsogolo pa chithunzi, nkhalamba n'kutuluka. A Mayandi anasamukira ku Madras, galimoto inkadzawatenga pakhomo, Vellaichami n'kumatsatira pabasi. Zoti mwana wawo azimetabe anavomera okha, ati munthu amene anafa kale saopa lumo. Ndipo musaganize kuti ankadana. Akamaliza kujambula, nkhalambayo inkakhala pansi n'kumadzoza mwana wake mafuta pamsana.

"Ndakupweteka?"

"Pang'ono, bambo."

"Mawa ndimenya kumanzere, uku kupumeko."

Vellaichami sanakhalenso ngwazi, ndipo sanaimirirepo mpaka filimu kutha. Koma anandiuza yekha kuti zaka zimenezo n'zomwe anadya ndi bambo ake tsiku ndi tsiku, ndipo sakanazisintha ndi chilichonse.

Kenako tsiku lenileni linafika. A Mayandi anagona masana atadya, osadzukanso. Uthenga utafika kumudzi, anthu anakana. "Amenewo amatero," anatero, "atuluka." Oimba ng'oma anati sabwera mpaka aone okha, ndipo mtembo utafika kumudziko, mmodzi anawatsina kaye chala chakuphazi.

Mwambo wonse unayenda bwino mpaka pamene wometa wa m'mudzimo anakhazika Vellaichami pamwala m'mbali mwa dziwe, abale onse atazungulira. Anameta mutu. Atafika pamlomo anaima, lumo lili m'mwamba.

"Nanga pano ndimete chiyani?"

Abale anasendera kuti aone. Dzulo lake lomwe Kasi anali atamupala kusitudiyo, ndipo panalibe ngakhale kaweya kamodzi. Akuluakulu anayamba kung'ung'udza kuti mwambo sungathe chonchi, mzimu ungapite bwanji mwana asanapereke ndevu? Vellaichami anakumbukira funso la bambo ake lija, lakuti udzandichitira chiyani ndikadzafadi.

Ndiye anapisa dzanja m'chikwama chake n'kutulutsa kachitini. Munali ndevu zija, zakuda bii, nyanga zili chiimire, zikununkhirabe sambar patalipatali. Munalinso kabotolo ka guluu wa a Sadaiyappan, amene atakhala zaka zonsezo madzi onse anali atauma, kutsala guluu yekhayekha. Anazimata pamlomo, anazipota mbali zonse, n'kukweza chibwano misozi ikutsika.

"Metani," anatero. "Ndi zanga zenizeni. Ndinawasungira."

Palibe anaseka, inu. Amayi anayambiranso kulira. Wometa anapaka sopo, anagwira nyanga imodzi, anakoka lumo. Ndevu osasuntha. Ananola lumo pamwala, anakokanso. Osasuntha. Anaitana mng'ono wake kuti agwire mutu, wina anagwira miyendo, wina anathamangira madzi otentha, ndipo Vellaichami anakuwa mpaka akhwangwala anathawa m'mitengo. Ameneyo ndiye guluu wa a Sadaiyappan: moyo wake wonse anagwira tsiku limodzi lokha.

Nkhalamba ina, mnzawo wa a Mayandi, inapukusa mutu n'kunena kuti, "Musiyeni akuwe. Ndi bambo akewo, akumumenya komaliza."